Mkazi mnzanga anali m'kabotolo

Senderani kuno, inu muli pamkekawo, ndi inu mwatsamira nkhokweyo bwerani mbali ino, chifukwa mawu anga masiku ano safika patali ndipo mpweya wobwereza ndilibe. Manja asaleke kutong'ola chimanga, ine ndikufuna makutu okha. Lero ndikuuzani za nsanje yanga. Akazi anzanga pamudzi pano analimbiranapo amuna ndi atsikana a ku Lunzu, ena ndi azimayi ophika kachasu, akazi enieni okhala ndi miyendo, oti ukhoza kuwadikirira panjira. Ine wanga anali kabotolo koyera, kochepa kuposa ka mafuta odzola, koma kanandisowetsa mtendere kuyambira nthawi yogalauza mpaka chimanga kucha.

Amuna anga anabwera pamudzi pathu pano, kufupi ndi Lirangwe, ngati mkamwini, atanyamula njinga ndi wailesi basi. Kulima ankalima, koma chimanga cha kuno mukuchidziwa, chaka china chimakukonda, chaka china sichikudziwa. Tsono ana atakula, iwo imvi zitayamba kutuluka, anapeza ntchito ya ulonda ku Chileka, pampanda wina pomwe ankaimikapo malole onyamula katundu wa pabwalo la ndege. Ankanyamuka dzuwa litapendeka, kupalasa njira yachidule ya fumbi ija, n'kubwerako m'mawa mbuzi zitatuluka kale m'khola. Pakaliyala ankamangapo jasi, chibonga, ndi fulasiki yobiriwira ya tiyi.

Ine tiyi sindinachite kumumvera kwa anthu. Makolo athu atachoka ku Mozambiki anayamba kaye agwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo asanatsikire kuno, ndipo mayi anga anakulira m'mizere ya tiyi, dengu lili kumsana. Iwowo ndiwo anandiphunzitsa kuti tiyi sathirira madzi ngati ukusambitsa khanda. Umamuponya m'madzi akubwata, n'kumusiya apsetu, ndipo ukaona pansi pa kapu ndiye kuti wamwetsa mwamuna madzi otsukira mbale. Ndinkaponyamo katsamba ka ndimu, shuga osaumira. Alonda anzawo ku Chileka ankati tiyi wa kwathu akhoza kudzutsa maliro, ndipo amuna anga mawu amenewo ankabwera nawo kunyumba, kundipatsa ngati andigulira chitenje.

M'mawa uliwonse akangotsika panjinga, ndisanafunse n'komwe kuti kwacha bwanji kumeneko, ndinkamasula fulasiki ija n'kuigwedeza. Inkakhala yopepuka, mopanda ndi kadontho komwe. Mkazi aliyense ali ndi pomwe amadziwira kuti akadali mkazi pakhomo. Wina ndi ndiwo zake, wina ndi mikanda ya m'chiuno. Ine mikanda inali itaduka kalekale, ndinatsala ndi fulasiki. Ndinkadziwa kuti uko ku Chileka, ndege zikagona, mphepo ikayamba kuluma, chimene chagwira zikope za mwamuna wanga kuti zisagwe ndi dzanja langali.

Tsiku lina ndinaigwedeza, inalira ngati mtsuko wodzaza. Ndinafunsa ngati adwala, iwo anati ayi, kunangotentha. Mawa lake chimodzimodzi, ati m'mimba simunali bwino. Kenako anasiya ndi kupereka zifukwa komwe, kumangoti ndinamwa kale, mayi, musadandaule. Munthu wokana chakudya cha mkazi wake amayenera kuoneka wofooka kuti mtima wa mkaziyo ukhale pansi, koma awa ayi. Ankabwera maso ali gwa, akuimba mluzu. Munthu amene kale akafika ankangogwera pamphasa ndi nsapato zomwe, tsopano ankatsika panjinga n'kutenga khasu. Anakonza khola la mbuzi lomwe ndinawadandaulira mpaka kutopa. Anayamba kukumbukira zinthu, ndi vesi ya Lamulungu lapita yomwe, chikhalirecho kale kutchalitchi ankangogwedeza mutu ngati akuvomereza ulaliki. Anthu ankandiuza kuti mayi, abambowa mukuwadyetsa chiyani, abwerera ku unyamata. Ine ndinkaseka nawo ndi mano okha, chifukwa ndinkadziwa kuti wodyetsayo sindine.

Kabotoloko ndinakapeza pochapa, m'thumba la yunifolomu. Munali mapiritsi aja a makapusozi, otsegula pakati, ndipo pachikuto anajambulapo tsamba. Zilembo sindiwerenga, koma tsamba la tiyi ndingalizindikire ngakhale mutalijambula chadodolido. Ndinakaika pambale yawo ya mbatata, n'kukhala pansi kudikira.

Sanabise ayi, anafotokoza mokondwa ngati andibweretsera nkhani yabwino. Ati mnzawo wina anachotsedwa ntchito. Bwana anamupeza ali mtulo, n'kumuvula chipewa osamva, m'mawa n'kumufunsa kuti chipewa chako chili kuti. Kuyambira pomwepo alonda onse mantha anawagwira, makamaka achikulire ngati iwowo. Ndiye pali amayi ena pa Chileka, amagulitsa zinthu za thanzi patebulo, anawabweretsera timapiritsiti. Ati m'masamba a tiyi wina wa kutali muli kanthu kamene kamadzutsa mutu, ndipo akatswiri amakachotsamo, kukaumitsa, n'kukatsekera m'kapusozi. Dzina lake lenileni ndi lachizungu, lilime langa limakana, koma alonda ankangoti tiyi wa m'thumba. Ukameza kamodzi, maso amayera, nzeru zimakhala pamalo amodzi, ndipo suchita kuthamangira kuseri kwa mpanda pafupipafupi monga umachitira ukamwa fulasiki yonse.

Mawu otsirizawo ndi amene anandibaya. Zaka zonsezi tiyi wanga ankadzutsa maliro, lero wasanduka wothamangitsa munthu kuseri kwa mpanda. Ndinawafunsa ngati kanthuko kali ndi shuga, anati ayi. Ngati kamafunditsa manja kukazizira, anati ayi. Ndinati ndiye mwakwatira mkazi wouma, bambo, wosadziwa ndi moto womwe. Iwo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nsanje yochitira botolo sanaionepo. Kuyambira tsiku limenelo kabotolo kaja ndinkangokatchula kuti mkazi mnzanga. Akamanyamuka ndinkati, mkazi mnzanga mwamutenga? Musamuiwale, angalire.

Kulalata kwanga kunaoneka ngati kwagwira ntchito, chifukwa pasanapite nthawi fulasiki inayambanso kubwera yopepuka. Ndinkaigwedeza, zii. Mtima unatsikako pang'ono, koma kabotolo kanali kakadali m'thumba, kakatha kubwera kena. Ndipo chinandivuta china. Amayi a patebulowo ankatuluka pakamwa pa amuna anga kawirikawiri. Amayi aja ati munthu wamkulu azimwa madzi ambiri. Amayi aja ati bondo langali likufuna masamba akutiakuti. Ine bondolo ndinalithowa ndi madzi otentha kuyambira mwana wathu wachisamba ali kumsana, lero likulongosoledwa ndi munthu wa patebulo. Ndinati ayi, mkazi ameneyu ndikamuone ndi maso angawa.

Ndinadikira tsiku lomwe amuna anga anapita kumaliro kwawo. Ndinavala chitenje changa cha ku ukwati wa mwana, kukwera minibasi pa Lirangwe, kutsika pa Kameza, n'kukwera ina ya ku Chileka. Sanavute kupeza. Anali pafupi ndi pomwe a kabaza amadikirira anthu, pansi pa ambulera yaikulu, mabotolo atawandandalika patebulo ngati ana a kwaya. Ndinkayembekeza kupeza kamtsikana kodzipenta milomo kuti ndikatukwane ndi mtima umodzi. Ndinapeza mayi wathupi lake, wa zaka zapakati, woyera mano, waulemu, woti ukamuona umayamba wadziyang'ana wekha kumapazi. Ndipo mapazi anga anali ndi fumbi la pa Kameza.

Anandipatsa benchi, n'kunditcha agogo. Ndinanamizira kuti ndikufuna za nyamakazi, kenako ndinafunsa za tiyi wa m'thumba uja, kuti amuna anga amamwa, ndi alonda pampanda wa malole. Nkhope yake inawala. Anati kodi mukunena ankolo aja a njinga yakuda? Mwamva inu? Ine agogo, iwo ankolo, chikhalirecho iwo ndi amene anayamba kuona dzuwa ine ndisanabadwe. Anawayamikira kuti ndi munthu wanthabwala, wosavuta. Ine munthu wanthabwalayo sindinkamudziwa, wa kunyumba kwanga nthabwala anazisiya kalekale. Kenako anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Ndiye kuti eni fulasiki yobiriwira ndinu? Agogo, manja anu ndi odala. Ankolo akamaweruka m'mawa amaima pompano n'kundithirira, amakhala akadali wofunda. Ine tiyi wa ndimu ngati ameneyo sindinamwepo."

Ndege inali ikutera nthawi imeneyo ndi phokoso lake. Kupepuka konse kwa fulasiki kuja, kumene ndinkagwedeza n'kumagona nako mtima uli m'malo, kunali kupepukira m'mimba mwa mayi ameneyu. Nkhuni zanga, shuga wanga, ndimu ya pakhomo panga. Iye amapereka chouma kwa mwamuna wanga, mwamuna wanga n'kupereka chonyowa changa kwa iye. Ndinatsanzika mwaulemu, mpaka ndinawerama, pakuti misozi yako suonetsa mkazi amene wamwa tiyi wako. M'minibasi kondakitala anandifunsa kangapo kotsikira, ine osamumva.

Sindinakangane nawo amuna anga. Ndinangotuma mawu kwa ankhoswe. Wa mbali yanga anali mlongo wanga wamkulu, mkulu wa mpingo, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mchere. Wa mbali yawo anali mng'ono wawo wa ku Chigaru. Anabwera Loweruka masana, tinakhala m'nyumba, ine pamkeka, iwo pamipando. Atandipatsa mpata ndinanena mwachidule kuti abambowa akumwa mankhwala a mphamvu ochokera kwa mkazi wina wa ku Chileka, ndipo tiyi amene ndimawaphikira akukamwetsa mkazi yemweyo.

Mlongo wanga anadzuka n'kukatseka chitseko. Inu akuluakulu mukudziwa kuti kuno mwamuna akamati akumwa za mphamvu sanena za khasu ayi. Amanena gondolosi ndi mizu ina ija amagulitsa mobisa pamsika, ya ntchito ya kuchipinda. Amuna onse awiriwo nzeru zawo zinathamangira komweko. Mlongo wanga anatsokomola, n'kuyang'ana kudenga.

"Chemwali, tikhululukireni funsoli, ndi ntchito yathu. Mphamvu ikunenedwayi, m'nyumba muno ikufika?"

Ndinamva kumene funsolo likulowera. Koma ine pamaso pa ankhoswe sindinama, ndinayankha zoona zokhazokha. Ndinati m'nyumba muno tikukhala ngati munthu ndi mlongo wake. Ndipo zinali zoona, munthu wogwira ntchito usiku n'kumagona masana, mungakhale naye bwanji?

Onse anatembenukira amuna anga. Mng'ono wawo anayamba kuwadzudzula kuti achimwene, pamsinkhu wanuwu, mwatichititsa manyazi kwa eni mudzi. Mlongo wanga anafunsa modekha kuti ngati mphamvuyo pakhomo sikufika, nanga ikutsikira siteji iti. Amuna anga thukuta linali kamukamu. Anatulutsa kabotolo kaja.

"Alamu, ndi mphamvu ya m'maso iyi. Ya m'maso ndi m'mutu basi, kuti ndisagone pantchito. Siyotsika kumunsi ayi."

"Alamu," anatero mlongo wanga, "mphamvu ikalowa m'thupi siima pakhosi ngati minibasi yoti yatha mafuta."

Mng'ono wawo anatsegula kapiritsi kamodzi, munali ufa woyera. Ananyambita, nkhope yonse n'kukwinyika. Anati chowawa chonchi mwamuna sangachimeze chifukwa cha tulo tokha, pali china. Amuna anga analumbira, kutchula mayi awo ali kumanda, kufotokoza za chipewa cha mnzawo uja, za bwana, za tsamba la pachikuto. Za tiyi anavomera. Anati ankaopa kubwera nayo fulasiki yodzaza chifukwa cha pakamwa panga, ndipo kutaya pansi tiyi wa shuga kunkawapweteka mtima, ndiye anaona kuti bola amwe munthu. Ndinafunsa kuti pa Chileka ponse, a kabaza onse aja, munthu waludzu anali mmodzi yekha?

Dzuwa litapendeka mlongo wanga anagamula. Anati za chibwenzi umboni palibe, ndipo munthu samuchotsa pamudzi chifukwa cha ufa. Koma popeza chemwali akukatcha kabotoloka mkazi mnzawo, tikatenge momwemo. Makolo athu a mitala ankati mkazi wamng'ono amalowera kwa wamkulu. Ndiye kabotolo kazisungidwa ndi chemwali, alamu azimeza pakhomo pano chemwali akuona, azimezera tiyi wa chemwali, ndipo fulasiki azimwa mwini wake yekha mpaka pansi. Patebulo paja alamu asakaimenso. Kakatha, iye mwini mlongo wangayo ndiye azikagula, poti amapitapita ku Chileka kukaona mwana wake. Tonse tinamuyamikira kuti ndi munthu wodzipereka.

Masiku oyamba ndinamva kukoma. Kabotolo ndinakaika m'chitini cha ufa, pansi penipeni, kuti kadziwe malo ake. Nthawi yonyamuka ikakwana ndinkatulutsa kapiritsi kamodzi, kukaika pachikhatho chawo monga mkazi wamkulu amaperekera mnzake tsiku, n'kuwapatsa kapu. Koma nsanje sigona. Ndinayamba kuganiza kuti akabwera m'mawa maso ali gwa, ulemu upita kwa yani? Adzati ndi kabotolo. Ndiye ndinati tione amene ali ndi mphamvu pakhomo pano. Masamba ndinaonjeza. Pomwe ndinkaponya dzanja limodzi ndinayamba kuponya mosawerenga, tiyi kumatuluka wakuda ngati madzi a m'dambo, wokhakhala palilime. Iwonso, poopa mlandu wina, ankamwa yense mpaka dontho lotsiriza.

Anadzuka munthu uja, koma kudzuka kwake kunali koopsa. Akabwera m'mawa ankagona chagada, maso ali pamalata, tulo osabwera mpaka nthawi yonyamukanso. Mluzu uja unatha. Anayamba kukalipira mbuzi, kukalipira wailesi. Kapu akagwira inkalira pambale, ngwee ngwee. Ndinkawayang'ana n'kumati onani zimene akuchita mkazi wanu wamng'onoyu. Iwo kumangokukuta mano. Tsiku lina anafika akukankha njinga, n'kukhala pakhonde atagwira pachifuwa. Anati mayi, muno muli chigayo. Nditaika dzanja ndinamva ndekha mtima ukuthamanga ngati wa nkhuku yogwidwa.

Ndinawakweza pa kabaza kupita kuchipatala chathu chaching'ono, ine ndikutsatira pa ina, kabotolo ndamanga pansonga ya chitenje kuti akakaone wolakwayo. Adokotala ake anali mayi wachitsikana. Anawamanga chija chopopa pamkono, n'kugwedeza mutu, ati magazi akuthamanga kwambiri. Anafunsa zomwe amamwa. Ine msangamsanga ndinamasula kabotolo n'kukaika patebulo. Amuna anga nawo anati afunseninso za tiyi wawo. Ndinafotokoza mmene ndimaphikira, mosabisa, pakuti ndi tiyi woti munthu ukhoza kumunyadira. Adokotala anawerenga pachikuto, kenako anatiyang'ana tonse awiri ngati ana omenyana. Anati chimene chili m'kabotolomu ndi chimene chili mumphika mwanu ndi pachibale, zonse zimachokera ku tsamba, ndipo zonse zimagogoda pachitseko chimodzi cha mtima. Munthu wamkulu chonchi sangalandire alendo onsewo pakamodzi.

Mwa zonse zimene ndinamva chaka chimenecho, mawu amenewo ndiwo anandiwawa koposa. Kuli ngati akuuze kuti mkazi amene wakulanda mwamuna ndi mng'ono wako wa bere limodzi. Ndinati adokotala, ufa wowawa uwo ndi tiyi wa mayi anga sangakhale pachibale. Iwo anati kaya mukana kaya muvomera, abambowa asankhe chimodzi, ndipo chimene asankhecho chikhale chochepa. Anawapatsa mankhwala ndi masiku opuma.

Pobwerera tinatsikira pa Lirangwe kuti apumeko. Tinakhala pabenchi ya wokonza njinga, pansi pa mtengo, mwini wake ali kalikiliki ndi tayala la munthu wina. Ndinamasula kabotolo kaja n'kukaimika pakati pathu. Sindinakambe zambiri, ndinangoti mwamva okha, bambo, sankhani. Anakatola. Anakatembenuza uku ndi uku, chala chawo chachikulu chikusisita chivindikiro pang'onopang'ono, ndipo ine chala chimenecho ndinkachiyang'ana ngati ndichilume. Anayamba kulankhula ngati akudziuza okha, kuti kanthu aka ndi kamene kanawasungira ntchito, kuti ndi tiyi yekha, wochepanso, m'bandakucha sadzafikako, adzawavula chipewa ngati mnzawo uja. Minibasi zinabwera, kudzaza, kupita. Ndinkadziwa kuti akakabweza m'thumba, fulasiki ndikaipachika, ndipo ndidzakhala pakhomo paja ngati mlendo wosesa bwalo.

Kenako anandipatsa.

"Tengani, mayi. Botolo silidziwa njira ya kwa ankhoswe."

Ndinalandira ndi manja awiri. Koma ndikuuzeni, si mawu amene ndinkadikira. Ndinkafuna anene kuti tiyi wanu ndi wokoma, kuti palibe wofanana naye, kuti amadzutsa maliro monga ankanenera kale. Iwo anasankha ine chifukwa ndine wa phokoso, winayo ndi wofatsa sangadandaule. Ndinapambana mlandu, koma ulendo wonse wa kunyumba ndinkangoona chala chija chikusisita chivindikiro.

Tsono mumve kumene aliyense anathera. Amuna anga anabwerera kuntchito ndi tiyi wopepuka monga ananenera adokotala. Mtima unakhazikika, koma mvula yotsatira isanagwe anawapeza atatsamira tayala la lole, akuliza mkonono. Sanawachititse manyazi, anangowauza kuti akula, akapume. Ena pamudzi pano amati tiyi wanga ndiye anawagonetsa. Ine ndimati ndi ukalamba, ulonda si ntchito ya munthu wa imvi. Ndi awo mukuwaona pansi pa mango, akusoka mphasa. Nthawi zina tikamalima amaima, kugwira m'chiuno, n'kunena kuti masiku aja ndime iyi bwenzi nditamaliza. Satchula dzina, koma ine ndimadziwa masiku ake ndi ati, ndipo tsiku limenelo shuga ndimachepetsa.

Mng'ono wawo wa ku Chigaru anatisiya, Mulungu amusunge, anapita akukhulupirirabe kuti achimwene ake anali ndi chibwenzi. Adokotala aja anawasamutsira kwina. Mayi wa patebulo ndimamva kuti geni inamuyendera, pano ali ndi kasitolo ka zitseko zagalasi, ndipo akakumana ndi anthu a kuno amafunsabe za agogo a tiyi wa ndimu, ati ndiwapatse moni. Moni wakeyo sindinabwezepo.

Kabotolo kaja anakatenga mlongo wanga, ati akakataye m'chimbudzi kuti kasasokonezenso banja. Patapita nthawi alamu anga, akazi ake, anabwera kuno m'mamawa nkhope ili yotupa ndi tulo. Anati chemwali, achimwene anuwa alowa chiyani? Akumeza timapiritsi tina madzulo, n'kusamba, n'kudzola, kenako amangokhala tsonga pabedi maso ali gwa ngati kadzidzi, kudikira chinthu chosabwera, mpaka amayamba kundilongosolera mibadwo yonse ya m'Baibulo, wakuti anabala wakuti. Mkulu wa mpingo uja sanakhulupirire kuti mphamvu ikhoza kuima pakhosi, anafuna adzionere yekha. Anasiya akazi akewo atamuopseza kuti nawonso aitana ankhoswe, ndipo mpaka lero ndikamupatsa tiyi amayang'ana kumbali.

Ine ndilipo, monga mukundionamu. Masamba ndimaponya ochepa, adokotala ndinawamvera ngakhale za chibale zija sindinavomere. Abambowa akakhala ndi ulendo wa ku Chileka, kaya ndi maliro kaya ndi kukaona anzawo akale, ndimavala chitenje changa n'kukhala pakaliyala. Amadandaula kuti ndikulemera, bondo likuwawa. Ndimati palasani, bambo, tikafika.